Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kaseti ya pa Makawa

Zikomo nonse amene mwakhala mukundikumbutsa kuti ndinakusiyani m'malere. Inu amene munalemba kuti "mayiyu ankangofuna ndalama za ku Joni", kokani mpando, gawo lino ndi lanu.

Mukukumbukira kuti njala ya 2002 itatha, mjomba anandipatsa mpamba ndipo ndinayamba geni ya usipa pa Makawa, kunyanja ku Mangochi. Apa m'pamene anatulukira bambo wina wajekete, amene anadzakhala mwamuna wanga. Sanandifunsire ndi pakamwa pake ayi. Ankadikira kuti ndiyanike usipa pathandala, kenako n'kubwera ndi wailesi ya kaseti, kuikhazika pamchenga, n'kutsegula nyimbo yomweyomweyo. Inali ya mnyamata wodandaula kuti mtsikana wamusowetsa tulo, koma chakumapeto ankatembenuka n'kumufunsa ngati wakonda munthu kapena thumba. Alovi, anyamata ogwira ntchito m'maboti a asodzi, ankafa nazo kuseka. Ine ndinkangomva theka loyambalo. Ngakhale mabatire akamatha, mawu a woimbayo akukokeka, ndinkatembenuza usipa wouma kale kuti ndisachoke.

Nyimbo zambiri zomwe tinkamva pa Radio 2 masiku amenewo zinkajambulidwa ku Balaka ndi ku Blantyre, ndipo oimba ambiri anali amuna. N'chifukwa chake wokayikiridwa ankangokhala mkazi. Akamwetulira ndiye kuti waona galimoto, akakana ndiye kuti akudikira wolemera. Mwamuna wofuna za mkazi simunkamumva mu kaseti.

Anganga anandifunsa, "Iwe, amene akukufunayo ndi munthuyo kapena wailesiyo?" Ndinangoseka.

Titakwatirana, bamboyo anati akufuna kupita ku Joni, kwatsala ndalama ya pasipoti ndi thiransipoti basi, akakafika adzabweza kawiri. Ndinamasula mfundo ya pachitenje usiku, nyali ya koloboyi ikufuka, n'kumuwerengera mpamba wonse m'manja. Ndalamazo zinkanunkha usipa. Musandifunse chifukwa chake. Anali mwamuna wanga, ndipo theka la mudzi wathu linkadya za ku Joni.

Chimene chinandipweteka si kuchoka kwake. Ndi alamu anga. Ndikafika pamjigo, mmodzi ankayamba chapansipansi mbali yakumapeto ija, ya thumba, enawo n'kumavomera. Sankanditchula dzina. Ndinkaima pamzere ndi chidebe changa, mimba itayamba kuoneka, amayi ena akuyang'ana pansi, mjigo ukulira. Ndinkapopa madzi, manja akunjenjemera, nyimbo imene anandikopa nayo ikundinena kuti ndine wadyera. Ine amene ndinalibe ngakhale ya sopo! Tsiku lina ndinabwerera chidebe chili theka, n'kukalirira kuseri kwa bafa kuti anganga asandimve.

Zaka zinapita. Ndinangomva kuti ali ku Johannesburg ndi mkazi wina.

Ndiye inu a "ndalama za ku Joni", dziwani kuti zimene ndinalandira kuchokera kumeneko ndi bulangete limodzi, lobwera ndi mnzake. Za mmene ndinakaulula kwa mjomba kuti mpamba wawo unakwera basi, tidzakambirana gawo likubwerali.