Momwe ndinapezera chimene chinkadwalitsa mtengo wa redbud

Mtengo wa redbud, umene akatswiri a zomera amautcha Cercis canadensis, ndi wofala kuno ku Oklahoma, dera lina la dziko la America, moti mu 1937 unasankhidwa kukhala mtengo woimira derali. Umene uli kuseri kwa nyumba yathu unabzalidwa ndi anthu okonza mabwalo tisanalowemo, ndipo m'chilimwe chake chachiwiri masamba anayamba kusanduka achikasu, ena kupsa m'mbali, nthambi za kunsonga n'kumauma. Anzanga anandilangiza kuthira feteleza, koma ndinayamba ndadikira, chifukwa feteleza amatha kuwotcha mizu imene ikudwala kale.

Ndinayamba ndi masamba. Mtengo ukasowa mchere wa m'nthaka wotchedwa ayironi, zomwe zimachitika m'dothi limene pH yake (muyeso wa kuchuluka kapena kuchepa kwa asidi m'dothi) yapitirira 7.5, masamba anthete ndi amene amachita chikasu pomwe mitsempha yake ikadali yobiriwira. Ukasowa chakudya china cha zomera chotchedwa nayitrojeni, chikasu chimayambira pa masamba akale. Mankhwala ophera udzu, monga 2,4-D, akauluka ndi mphepo amapinda masamba a redbud. Anga sanali choncho: anali ang'onoang'ono, otumbululuka paliponse, ndipo ankafota ngakhale nthaka ili yonyowa.

Chimene ndinkaopa kwambiri ndi Verticillium, nkhungu ya m'nthaka imene imatseka njira za madzi mkati mwa mtengo ndipo ilibe mankhwala. Ndinadula nthambi yofota n'kusenda khungwa, pofuna kuona ngati pali mizere yoderapo, koma mkati munali moyera. Pathunthu panalibenso zilonda zakuda zolowa mkati zimene nkhungu ya Botryosphaeria imasiya.

Yankho linali pansi. Thunthu linkalowa m'nthaka mowongoka ngati mzati, chonsecho mtengo wobzalidwa bwino umatambasuka patsinde pamene mizu ikuluikulu imayambira, ndipo malowo amayenera kuonekera. Nditafukula ndi manja, ndinapeza kuti anakwiriridwa pafupifupi masentimita 10 pansi pa dothi ndi makungwa ophimbira nthaka, amene anaunjikidwa mpaka kukhudza thunthu. Khungwa la pamenepo linali lachinyezi ndi lodetsedwa, ndipo muzu wina, umene unazolowera kuzungulira m'chibekete cha ku nazale, unali utayamba kukola thunthu. Timizu tating'ono, timene timayamwa madzi, tinali tabulawuni, tofewa ndi tonunkha, m'malo mokhala toyera ndi tolimba.

Dothi la pano ndi katondo wolemera, choncho ndinakumba dzenje la masentimita 30 chapafupi n'kulidzaza madzi, ndipo kutacha madziwo anali asanaphwe. Apa zonse zinagwirizana: makina othirira kapinga ankapopera malowo tsiku ndi tsiku, madzi ankangokhala m'dzenje limene mtengo unabzalidwamo, ndipo mizu inkabanika posowa mpweya. Chopweteka n'chakuti mtengo womira m'madzi umafota mofanana ndi wa ludzu, ndiye amene akuuona amangowonjezera madzi.

Sindinauzule, chifukwa redbud sapirira bwino kuwokeredwa kwina akakhazikika. Ndinachotsa dothi lonse mpaka tsinde litaonekera, ndinadula muzu wokola uja, ndipo makungwa ndinawayala mopyapyala, masentimita 5 mpaka 7, motalikirana ndi thunthu. Nthambi zouma ndinazidulira pa malo amoyo, ndikupukuta mpeni ndi sipiriti ndikamachoka pa nthambi ina kupita pa inzake. Makina othirira ndinawalozetsa kwina, ndipo tsopano ndimathirira mokwanira pokhapokha chala chikapeza kuti dothi lauma mkati. Dothi limene ndinatumiza ku labotale ya Oklahoma State University ku Stillwater, kudzera ku ofesi ya alangizi a zaulimi, linaonetsa kuti chakudya cha mtengo chinalipo chokwanira.

Masamba amene anachita chikasu sanabiriwirenso, ndipo anayoyoka msanga chaka chimenecho. Nyengo yozizira itatha maluwa anabwera ochepa, koma masamba otsatira anali aakulu ndi obiriwira kwambiri. Nthambi imodzi ya mbali imene muzu unakola sinaphukenso, ndipo ndinaidula.