Zikomo nonse, pulogalamu ya kalabu yathu ya tiyi yayamba kugwira ntchito

Pulogalamu yolembera makilogalamu a masamba a tiyi pa kalabu yathu kuno ku Thyolo tsopano ikugwira ntchito, ndipo alembi akuigwiritsa ntchito pa sikelo tsiku lililonse lothyola. Ndati ndithokoze poyera anthu amene anandigwira mkono, chifukwa komiti inatsala pang'ono kulamula kuti tibwerere ku kaundula wa pepala.

Masamu analibe vuto. Makilogalamu ankawonkhetseka bwino, ndalama za mlimi aliyense zinkatuluka ndendende. Chinkativuta chinali kakhalidwe ka zinthu pa sikirini. Pulogalamuyi ili ndi zigawo zitatu: kumanzere mndandanda wa alimi, pakati tebulo la zimene zayezedwa tsikulo, kumanja chiwonkhetso ndi batani losungira. Pa sikirini yaikulu zonse zinkakwana, koma pa laputopu ya kalabu, ya mapikiselo (timadontho ta sikirini) 1366 x 768, chigawo chakumanja chinkasowa, batani n'kupita nacho limodzi. Alimi ali pamzere ndi madengu, mlembi akusakasaka posungira.

Mayi mlembi wathu, ndiyambe ndi inu. Wina akanangoti chinthuchi sichikugwira, n'kuthera pomwepo. Inu munajambula sikirini ndi foni, n'kunditumizira pa WhatsApp, n'kundiuzanso kuti munakulitsa zilembo pa Windows kufika 125% chifukwa cha maso. Apo mpamene panagona nkhani. Zilembo zikakula choncho, browser (pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti, monga Chrome) imaona ngati sikiriniyo ndi ya mapikiselo pafupifupi 1093 m'lifupi ndi 614 kutalika, ndipo pa 614 pomwepo muchotsepo taskbar (kamzere ka Windows ka pansi pa sikirini) ndi mitu ya browser. Munazindikiranso nokha kuti zimaipiratu pakabwera mlimi amene dzina lake, mudzi ndi nambala ya munda zimapanga mzere wautali. Zikomo Amayi, maso amene mumati ndi otopawo anaona zambiri.

Achimwene anga a ku Luchenza, inu amene mumalemba mapulogalamu ku Blantyre, munasiya ntchito yanu usiku n'kutsegula CSS yanga, malamulo a kaonekedwe ka pulogalamuyi pa sikirini. Munandionetsa kuti mu Flexbox, njira imene ndinayalira zigawozo, chigawo sichilola kuchepa kuposa zimene zili mkati mwake, chifukwa min-width yake, malire a kuchepa kwake, imayambira pa auto. Tebulo lapakati linkangodzitambasula ngati munthu wa katundu wambiri m'minibasi, chigawo chakumanja n'kukankhidwira kunja. Kamzere kamodzi, min-width: 0, kanachibweza. Koma simunalekere pomwepo. Munati tisamukire ku njira ina yotchedwa Grid, tipatse chakumanzere mapikiselo 240, chakumanja 280, chapakati malo onse otsala, minmax(0, 1fr). Nditafunsa chifukwa chosangolemba 1fr, munati nayonso imamvera zamkati ikamachepa, ndiye vuto lomwelo likanabweranso. Tinaikanso overflow: auto m'chigawo chilichonse, kuti tebulo lizitsetsereka palokha batani lili pamalo pake. Ndinkaopa kuti laputopu yakaleyo siimva Grid, koma Chrome, Firefox ndi Safari anayamba kuilandira mu 2017, ndiye panalibe chodetsa nkhawa.

Kamzere kokoka pokulitsa kapena pochepetsa chigawo kanabwera chifukwa cha Amayi mlembi omwewo. M'mawa amafuna mndandanda waukulu posaka mayina, masana amafuna tebulo lalikulu. Tinakaikira malire oti chakumanzere chisatsike pa mapikiselo 180, ndipo kukula kumene munthu wasankha kumasungidwa mu localStorage, mosungira mwa browser, kuti mawa apeze momwe anasiyira. Kwa ine, kamzere kotere kopanda malire ndi kongovutitsa anthu. Dzanja likangoterereka kamodzi, chigawo chonse chapita, ndipo mlembi amene sanaphunzire za kompyuta sangadziwe pokachikoka.

Anyamata ndi atsikana oyeza masamba cha ku Bvumbwe, inunso zikomo. Mafoni anu ambiri ndi a mapikiselo 360 m'lifupi, zigawo zitatu sizingaime moyandikana pamenepo. Sikirini ikachepera 768 m'lifupi, tsopano zimasanjikizana, china pansi pa chinzake. Ndinu amene munandiuza kuti keyboard ikatuluka imaphimba batani, komanso kuti tsiku la chiperoni zala zimakhala zonyowa ndi zozizira moti timabatani ting'onoting'ono sitigwirika. Tinawakulitsa kufika pa mapikiselo 48, muyezo umene Google imalangiza pa Android, ndipo losungira tinalikweza pamwamba. Munkayesa zimenezi pa bandulo yanuyanu, osandipempha kanthu.

Ankolo, batire lanu la sola linandipulumutsa masiku amene magetsi ankazima madzulo. Mayi anga ondibereka, munkandisungira nsima ngakhale simunkamvetsa chimene ndikulimbana nacho. A wapampando ndi komiti yonse, munapirira pomwe ena ankati mwanayu akutitayitsa nthawi, ndipo munalola kuti kaundula wa pepala ndi pulogalamu ziyendere limodzi mpaka manambala atagwirizana.

Chatsala ndi tsamba losindikiza malisiti, lomwe likudulabe mzere womaliza pa pepala la A4. Ndikufuna lithe mvula isanayambe, masamba asanachuluke pa sikelo. Amene muli ndi tabuleti kapena laputopu ya sikirini yosiyana ndi zimene ndatchulazi, bwerani nayo ku ofesi ya kalabu tidzayesere pomwepo.