Momwe M-Pesa inasiyira cholinga chake choyamba

Anthu ambiri amene amayamikira M-Pesa ya ku Kenya amaganiza kuti akatswiri anakhala pansi n'kukonza njira yotumizira ndalama pa foni monga momwe tikuionera lero. Mbiri yake sinayende choncho, ndipo kwa ine zimene zinachitika pakati pa 2003 ndi 2007 ndizo zofunika kuzilingalira kwa bungwe lililonse limene likufuna kupanga chinthu chatsopano pogwiritsa ntchito luso la makompyuta.

Ganizoli linachokera kwa Nick Hughes wa ku kampani ya mafoni ya Vodafone ku Britain, yemwe anapeza thandizo la mapaundi pafupifupi 1 miliyoni kuchokera ku DFID, nthambi ya boma la Britain imene inkaona za chitukuko cha maiko ena, ndipo Vodafone inaonjezerapo ndalama zake. Cholinga chinali choti anthu amene anatenga ngongole zing'onozing'ono azibweza kudzera pa foni. Kuyesa kunayamba mu Okutobala 2005 motsogozedwa ndi Susie Lonie, pamodzi ndi Safaricom (kampani ya mafoni ya ku Kenya), banki ya Commercial Bank of Africa ndi makasitomala pafupifupi 500 a bungwe lobwereketsa ndalama la Faulu Kenya.

Apa m'pamene panali nkhani. Oyendetsa ntchitoyi atayamba kufufuza m'kompyuta momwe ndalama zinkayendera, anapeza kuti anthu akuchita zinthu zimene palibe anawauza. Wina ankabwezera mnzake ngongole, wina ankalipira katundu wa geni yake, wina ankagulira mbale wake wa kumudzi mayunitsi, pomwe wina ankaika ndalama mu foni asanakwere basi n'kukazitapa atafika, poopa akuba m'njira. Mbali ya ngongole, imene inali mwini nkhani, ndiyo inkavuta, chifukwa mabuku a bungwe lobwereketsa ndalama lija ankadalira kwambiri mapepala ndipo kuwagwirizanitsa ndi makina atsopano inali ntchito yolemetsa.

Mabungwe ambiri akafika pamenepa amaumirira pulani imene opereka ndalama anavomereza, n'kumati makasitomala ndiwo sakumvetsa. Vodafone ndi Safaricom anachotsa za ngongole zija n'kutsala ndi chinthu chimodzi chosavuta kufotokoza, ndipo pokhazikitsa M-Pesa mu Malichi 2007 uthenga wawo unali woti munthu wogwira ntchito m'tauni atumize ndalama kwawo. Ndimaona kuti kulimba mtima kumeneku kunali kofunika kuposa pulogalamu ya kompyuta imene kampani ya Sagentia ya ku Cambridge inalemba. Pulogalamuyo nayo inakonzedwa modzichepetsa: mbali imene kasitomala ankagwiritsa ntchito inkakhala mu simu khadi, inkadalira mauthenga a SMS, ndipo inkagwira ntchito pa kafoni kamabatani kopanda intaneti.

Ntchito yaikulu inali ya anthu. Michael Joseph, mkulu wa Safaricom pa nthawiyo, analimbikira kuti ogulitsa mayunitsi asandutsidwe maejenti, aphunzitsidwe ndi kupatsidwa komishoni yooneka. Aliyense amene anaimapo pa kanyumba ka Airtel Money kapena Mpamba, njira zimene zinafika m'Malawi mu 2012 ndi 2013, n'kuuzidwa kuti fuloti yatha, akudziwa kuti makina angakhale abwino motani, zonse zimaima ngati ejenti alibe ndalama m'kabati kapena mu foni. Banki yaikulu ya Kenya nayo inalola kuti ntchito iyambe malamulo ake enieni asanalembedwe, bola ndalama za makasitomala zisungidwe padera ku banki, osasakanizidwa ndi za kampani.

Zina zinabwera pambuyo, anthu atazolowera kale. Ngongole zinabwereranso mu 2012 kudzera mu M-Shwari, njira yosungira ndi kubwerekera ndalama pa foni, ndipo makina aakulu oyendetsa M-Pesa, amene kwa zaka zambiri anali ku Germany, anasamutsidwira ku Kenya mu 2015.

Vodacom, kampani ya mafoni ya m'gulu la Vodafone, itatenga njira yomweyi kupita nayo ku South Africa mu 2010, zinthu sizinayende, ndipo inaitseka mu 2016. Kumeneko anthu ambiri anali kale ndi maakaunti a ku banki komanso njira zina zotumizira ndalama, kotero kuti vuto limene M-Pesa inathetsa ku Kenya silinali lalikulu chimodzimodzi ku Johannesburg.