Alamu, tchaja yawo ndi ONO wa ku Ostend

Alamu abwerera ku Sheffield madzulo ano, koma mawu awo andisiyira pakhosi. Adabwera dzulo kudzaona mlongo wawo ndi ana. Titadya nsima iwo adakhala pa mpira, ine n'kuzembera m'kachipinda komwe ndimasungamo kawailesi ka SDR (kawailesi koyendetsedwa ndi pulogalamu ya pakompyuta) ndi laputopu. Posakhalitsa chitseko kwee, alamu awo, kapu ya tiyi kumanja, tchaja ya foni kumanzere, akufuna soketi.

"Kodi alamu, likhweru limeneli n'lachiyani? Mwayamba kukhwima ku Mangalande kuno?"

Ndidawaveka mahedifoni. Pa 402.5 kHz pamamveka LBA, siteshoni yolondolera ndege ya pabwalo la Leeds Bradford ku Yeadon, pafupi ndi kwathu kuno. Siyankhula china ayi, imangotchula dzina lake m'zilembo za Morse usana ndi usiku. Kadontho, mzere, timadontho tiwiri, ndiye L ameneyo. Mzere ndi timadontho titatu, B. Kadontho ndi mzere, A. Ikapuma pang'ono n'kuyambiranso. Ndidawafotokozera kuti m'ndege mumakhala singano ya ADF yomwe imaloza kumene likhwerulo likuchokera, ndipo woyendetsa amamvetsera zilembozo kuti atsimikize kuti sakulondola siteshoni yolakwika. Adamvetsera mofatsa ndithu, mpaka chala chinayamba kugogoda patebulo. Kenako adavula mahedifoni n'kundionetsa foni.

"Ndiye mwazindikira kuti bwalo la ndege lili ku Yeadon. Simunkadziwa? GPS iyi ikudziwa ngakhale mpando umene ndakhalirawu."

Tidaseka tonse, paja mlamu sumukwiyira. Koma ndagona nazo, ndadzuka nazo.

Chomwe chikundinyong'onya n'choti penapake akunena zoona. Masiteshoni amenewa akuzimitsidwa mmodzimmodzi, ndege zikudalira masetilaiti. Kale pakati pa 283.5 ndi 325 kHz pankadzaza kaphokoso ka DGPS, kosamveka tanthauzo ndi khutu, koma pulogalamu ya pakompyuta inkakamasulira n'kukuuza nambala ya siteshoni. Ntchito yake inali kuwongolera GPS ya sitima zapanyanja. A Trinity House, bungwe loyang'anira nyali zolondolera sitima kuno ku Mangalande, adatseka masiteshoni awo pa 31 Marichi 2022, ya ku Flamborough Head ili m'gulu lomwelo. Ukadutsa pamenepo lero mitima ya ena imawawa, ngakhale alamu angati mpaka maliro a likhweru.

Ine LBA ndidangoyambira poti ndi yamphamvu. Amene ndinkafuna amve ndi ONO, mnzake wa LBA wa ku Ostend ku Belgium, pa 399.5 kHz, kutsidya kwa North Sea. Masana pano sindimumva. Dzuwa likalowa, gawo lam'munsi la ionosphere (mpweya wa kumtunda kwambiri mumlengalenga) lomwe limameza mafunde amenewa limazilala, ndiye mafunde amakagunda kumtunda n'kudzagwera kutali. Nyengo yozizira ino ndiye yabwino, poti ziphaliwali zachepa. Umapanikiza fyuluta mpaka itachepetsetsa kuti LBA asakugonthetse, maso ali pa sikirini kudikira kamzere kotuwa kodukaduka, khutu likusefa mphepo. Mizere itatu. Mzere ndi kadontho. Mizere itatu. Nthawi zina amabwera O yekha, N n'kumira, udikire ulendo wina. Kukoma kwake n'kumeneko, ngati kuwedza usiku: nsomba ku shopu ziliko, koma amene adamvapo chingwe chikukoka sangakuuze za ku shopu.

Dzulo ONO sadabwere. Sikirini yonse idadzaza mizere yonenepa, yotalikirana mofanana, m'makutu muli zzzz. Ndidasintha fyuluta, ndidagwedeza mawaya a eriyo, alamu akungomwa tiyi wawo n'kumati, "Pepani alamu, mwina a ku Belgium agona." Atatopa adazula tchaja yawo kupita nayo pabalaza, ndipo mizere yonse ija idazimiririka nthawi yomweyo. Titchaja totchipa timeneti timalavula phokoso pa mafunde aatali kuposa mmene munthu angaganizire. Ndidafuna kuwaitana, koma mpira unali utayambiranso.

Chinanso chomwe chandipweteka, mwina kuposa zonse. Cha m'ma 9 koloko, asadatuluke muja, ndidawatsegulira NAVTEX, mauthenga olembedwa opita kwa oyenda panyanja, pa 518 kHz, nthawi ya siteshoni ya ku Cullercoats, yomwe imapatsidwa mphindi khumi pa maola anayi aliwonse. Mawu adayamba kudzilemba okha: ZCZC, kenako machenjezo a oyenda panyanja, kumapeto NNNN. Alamu adawerama n'kumawerenga. "Eya, iyi ndiye yanzeru, ikulemba nkhani." Ndiye kuti chomwe kompyuta yamasulira yokha, ine manja ali m'thumba, n'chomwe chawagwira mtima. Chomwe ndimachisaka ndi khutu langa ati ndi likhweru.

Usiku uno ONO wabwera bwinobwino, zilembo zonse zitatu, ndipo ndamujambula. Ndatsegula WhatsApp, ndatsekanso. Pa sipika ya foni adzangomva mphepo, ndiye andiimbira kudzandifunsa ngati ku Leeds kukugwa mvula. Mwina nditumize chithunzi cha sikirini. Kaya.

Mayi a ana nawonso akuti eriyo yanga yaing'ono ya mini-whip ichoke pomwe ndidaimangirira, ikuwasokoneza poyanika zovala. Malo otsala ndi kumpanda uko, ndipo aneba ayamba kale kukoleka magetsi a Khirisimasi mbali yomweyo.