Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Kalata yonditengera ku Joni

Gawo lapitali ndinalekezera pamene abwana a nthambi ya ku Durban anandiitanira mu ofesi n'kundiuza kuti andikweza, ndikayang'anire nyumba yosungira katundu ku City Deep, kuno ku Joni. Munali mu May 2024. Kalata anandipatsa tsiku lomwelo, ndipo pamwamba pake panali nambala yonona: R26,000 pamwezi. Ine ndinkalandira R19,000. Sindinasaine. Ndinapempha masiku asanu oti ndiiwerenge bwino. Abale athu ambiri kuno amasaina ali chiimire poopa kuoneka osayamika, koma kampani yomwe yakusankha kale siingakutaye chifukwa cha masiku asanu.

Pafupi ndi nambalayo panali zilembo zitatu, CTC, kutanthauza cost to company. Imeneyi si ndalama yolowa m'thumba, ndi zonse zomwe kampani imawononga pa iwe, kuphatikizapo gawo lake la penshoni ndi la medical aid. Pa R26,000 ija, R2,800 inali ya zimenezo. Yotsala R23,200, msonkho usanadulidwe.

Nsonga yeniyeni inali pa ovataimu. Lamulo la ntchito la dziko lino, Basic Conditions of Employment Act la 1997, limati ola la ovataimu ulipidwe ola limodzi ndi theka, koma chitetezo chimenechi ndi cha anthu olandira pansi pa malire omwe nduna imalengeza. Kuyambira pa 1 April 2024 malirewo anali R254,371.67 pachaka. R19,000 yanga inkakwana R228,000, ndiye ndinali pansi, ndipo ovataimu inkandipatsa pafupifupi R4,500 mwezi uliwonse. Zonse pamodzi R23,500. Malipiro atsopanowa ankakwana R278,400, pamwamba pa malire, kutanthauza kuti ovataimu yathera pomwepo pokhapokha kontirakiti itailemba. Udindo ukukwera, maola akuchuluka, koma ndalama ikutsika ndi R300. Ofesi yolemba anthu ntchito siikunamiza ayi, imangokhala chete pa zomwe sunafunse.

Choncho chinthu choyamba kupempha ndi payslip yongoyerekeza, yoonetsa PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro), UIF (thumba la boma lothandiza anthu ntchito ikawathera), penshoni ndi ndalama yotsala. A malipiro amaitulutsa pa kompyuta m'mphindi zochepa. UIF isakudetseni nkhawa, siipitirira R177.12 pamwezi. Msonkho ndiye woyang'anitsitsa: chaka chimenecho ndalama yopitirira R237,100 pachaka inkadulidwa 26 peresenti, ndiye pa R1,000 iliyonse yomwe mwalimbirana, yanu ndi R740.

Pobwerera kwa abwana ndinanyamula pepala limodzi. Pamwamba ndinalemba ovataimu ya miyezi 12 kuchokera pa ma payslip, pansi pake kusiyana kwa lendi ndi thiransipoti pakati pa Durban ndi Joni, ndiye pomalizira zomwe ndinachita pantchito m'zaka ziwiri, zokhala ndi manambala. Za sukulu fizi ya ana a mlongo wanga ku Ntcheu ndi ndalama yomwe ndimatumiza pa Mukuru sindinazitchule. Zimenezo zimamvetsa chisoni, koma abwana sangakazinene kwa akuluakulu awo. Amafuna pepala loti akalitambasule patebulo.

"Bwana, ntchitoyi ndaikonda ndipo ndikufuna kupita," ndinatero, "koma taonani apa, ndikhala ndikulandira yochepa kuposa lero."

Ndinatchula R31,000. Tinagwirizana R29,500, n'kulemba kuti tidzaonanso pakatha miyezi 6. Mawu oti "tidzaonanso" opanda tsiku ndi mphepo chabe, ndiye tinaika deti. Ndinapemphanso kuti ndikalephera m'miyezi yoyeserera ndibwerere pa udindo wakale m'malo mochotsedwa. Zimenezo anavomera mosavuta.

Za msamuko n'zomwe zinatitengera nthawi. Kalata yoyamba inati andipatsa R20,000 pamodzi ndi malipiro, ndidzionere ndekha. Ndinakana, ndipo chifukwa chake ndi msonkho. Ndalama yongoponyedwa pa payslip SARS (bungwe lotolera msonkho kuno) imaiona ngati malipiro, imadula. Koma gawo 10(1)(nB) la lamulo la msonkho la 1962 limati kampani ikalipira yokha zosamutsa wantchito, banja lake ndi katundu wake, msonkho palibe. Ikhoza kulipira mwachindunji eni lole, kapena kukubwezera ukapereka malisiti. Momwemonso malo ogona ongoyembekezera, mpaka masiku 183 kuchokera tsiku losamutsidwa. Zina zing'onozing'ono zokhazikikira pamalo zimalowanso, monga yunifolomu ya ana kusukulu yatsopano, makatani ndi kulumikiza magetsi ndi madzi. Sungani lisiti lililonse mu envulopu imodzi, ndipo muzilijambula pa foni, poti inki ya malisiti a m'sitolo imafufutika msanga.

Dipoziti ya nyumba ndi nkhani ina. Imabwerera kwa iwe potuluka, ndiye makampani ambiri saipereka yaulere. Ine anandibwereka n'kumadula m'miyezi 6, ndipo kudula kotere lamulo limafuna uvomereze molemba. Vuto ndi loti ya nyumba yatsopano imafunika ya nyumba yakale isanabwere. Mwininyumba ali ndi masiku 7 oti aibweze ngati palibe chowonongeka, kapena 14 ngati pali zokonza. Musatuluke musanayendere limodzi chipinda ndi chipinda, foni ili m'manja. Ngati lizi yanu (mgwirizano wa lendi) isanathe, Consumer Protection Act, yoteteza ogula, imalola kuithetsa ndi notisi ya masiku 20 ogwira ntchito, koma pamakhala chindapusa. Chimenecho muchilowetse pa mndandanda wa kampani.

Makotesheni a lole amafuna atatu. Kuchoka ku Durban kufika ku Joni pa N3 ndi makilomita pafupifupi 570, kudutsa mageti olipira a Mariannhill, Mooi River, Tugela, Wilge ndi De Hoek, ndiye funsani ngati mtengowo waphatikiza zonsezo. Pakati pa mwezi n'potsikirako kusiyana ndi kumapeto pomwe aliyense akusamuka. Apa ine ndinapusa. Mayi a kunyumba analongedza okha mbale ndi magalasi kuti tipulumutse ndalama, osadziwa kuti inshulansi ya kampani ya loleyo sinkalipira makatoni olongedza mwini. Katoni ya mbale za paukwati inafika ikulira ngati maseche. Komanso kompulekisi yomwe tinapeza ku Turffontein sinkalola lole yaikulu kulowa pageti, moti katundu anachita kututa ndi bakkie (kagalimoto ka pikapu), mtengo wina umenewo.

Kumapeto kwa kalata kunali ndime yoti ndikasiya ntchito zaka ziwiri zisanathe ndibweze zonse za msamuko, zomwe zinakwana R42,000. Ndime imeneyi sachotsa, ndipo kunena zoona ndi yomveka. Chomwe ndinalimbira n'choti ngongoleyo izitsika ndi R1,750 mwezi uliwonse, komanso isagwire ntchito ngati iwowo ndiwo andichotsa pochepetsa antchito.

Kwa ife obwera pali chinanso chomwe anzathu a konkuno saganizako. General work visa (chilolezo chogwirira ntchito kuno) imalembedwa dzina la kampani ndi udindo wako. Udindo ukasintha, pamafunika kupempha ku Home Affairs kudzera ku VFS Global (kampani yowalandirira mafomu a ma visa) kuti asinthe zolembedwazo, ndipo yankho silibwera msanga. Ndinapempha kuti kampani ilembe makalata onse, ilipire zolipira, ndipo tsiku loyamba udindo watsopano lidalire mapepalawo. Okhala ndi permanent residence izi sizikuwakhudza.

Kalata yachiwiri inabwera ya masamba anayi. Ndinaiwerengera pa foni achimwene ena a ku Rosettenville omwe akhala kuno zaka zambiri, ndipo iwo anangofunsa chimodzi: "Nanga ana, malo a sukulu mwapeza?" Ndinali ndisanaganizeko. Ku Gauteng kulembetsa pa intaneti n'kwa Grade 1 ndi Grade 8 kokha, ena onse umayenda wekha sukulu ndi sukulu utanyamula lipoti ndi kalata yosamutsira mwana. Wathu wamkulu anali Grade 5. M'mawa mwake ndinabwereranso mu ofesi kukapempha masiku atatu olipidwa ndi tikiti ya basi yofikira pa Park Station ku Joni, ndipo atazilemba pamanja m'munsi mwa tsamba lachinayi, tonse awiri tinasaina.