Snowmobile ikamazima yokha kapena kukana kulira ikatentha

Nyengo ya chisanu ikayamba kuno ku Quebec m'dziko la Canada, anthu ambiri amatulutsa ma Ski-Doo awo (mtundu wa snowmobile, kagalimoto koyenda pa chipale chofewa) n'kupeza kuti injini ikulira bwino choki (kachipangizo kowonjezera petulo poliza injini yozizira) ikakokedwa, koma ikuzima choki ikangobwezedwa. Ine ndikuona kuti ambiri amathamangira kugula zipangizo zatsopano pomwe vuto limakhala petulo amene anagona m'kabuleta chilimwe chonse. Petulo wosakanizidwa ndi ethanol amakoka chinyezi ndipo akauma amasiya phula lomwe limatseka pilot jet, kabowo kakang'ono kwambiri komwe kamadyetsa injini pamene munthu sakupanikiza mafuta. Mukachotsa kajetiko n'kukayang'anitsa pa kuwala, simuona kuwala kukudutsa. Katsukeni ndi mankhwala otsukira kabuleta ndi mpweya wa pampu, osati ndi waya wokhuthala, chifukwa waya amakulitsa bowolo.

Kukana kulira injini itatentha nthawi zambiri kumasonyeza kuti yamwa petulo wambiri. Musakokenso choki, tulutsani mapulagi, ndipo mukawapeza onyowa komanso akuda, aumitseni kapena ikani atsopano, kenaka kokani chingwe cholizira injini mutapanikiza mafuta pang'ono. Onaninso batani lozimitsira ndi chingwe chachitetezo chomwe woyendetsa amamangirira pa chovala chake.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi injini yomwe ikulira mokwera yokha. Kawirikawiri mphira wolumikiza kabuleta ndi injini amakhala atang'ambika, mpweya umalowa mopitirira muyezo, ndipo injini ya two-stroke (yomwe imayatsa petulo nthawi iliyonse pisitoni ikafika pamwamba) ikamayenda ndi petulo wochepa chonchi imatha kupsereza pisitoni. Chonde musakwere snowmobile yotere mpaka mphirayo atasinthidwa.