Mizere ya pa thanki ya malume

Malume anandituma chinthu chimodzi chokha: kuchotsa dzimbiri m'kati mwa thanki ya njinga yawo yamoto. M'kati. Mawuwa anawabwereza kawiri, koma maso anga anali kale kunja.

Njingayo ndi BMW R60/5 ya 1971, ija ya masilinda awiri otulukira m'mbali ngati makutu, yopanda tcheni, yoyendera shafiti. Thanki yake inali yakuda bii, mbali iliyonse ili ndi mizere iwiri yoyera yoyenda limodzi, wina wonenepa, wina wowonda ngati ulusi. Nditaiika patebulo mtima unandiwawa. Pokhota, mzere wonenepa uja unkafufuma pang'ono, ndipo wa kumanzere sunkafanana ndendende ndi wa kumanja. Ndinapukusa mutu. Ndi mmisiri wanji woledzera amene anawachita chipongwe chotere malume anga?

Ndinatenga sandipepa. Dzuwa likamalowa thanki inali mbee, chitsulo chokhachokha. Kunsi kwake ndinapezako timalemba tiwiri ta penti yoyera, tolembedwa pamanja. Ndinati awa ndi ana osaweruzika, n'kutipalira kumodzi.

Penti yakuda ndinapopera ya m'chitini, ndipo apa ndisadzinyoze, inakhala bwino moti ndinkadzioneramo ndevu. Mavuto anayambira pa mizere. Ndinamva kuti eni ntchitoyi amagwiritsa burashi ya ubweya wa gologolo, wautali, wosongoka ngati lupanga, womwe umamwa penti yambiri kuti mzere utuluke ulendo umodzi dzanja osaima. Ndinaipeza. Chimene palibe anandiuza n'chakuti gologolo ngakhale atafa sasiya kudumpha. Mzere unayamba mwaulemu, pakati unagwidwa malungo, pokhota unakwera mumtengo. Ndinapukuta n'kuyambiranso. Ndinagwira mpweya mpaka kuona nyenyezi. Ndinatsamiritsa kachala kakang'ono pa thanki monga amachitira akatswiri, kachalako n'kusiya chidindo chake pa penti. Ulendo wachisanu mayi a kunyumba anasuzumira.

"Bambo a ana, imeneyo ndi njoka kapena mtsinje?"

Sindinayankhe. Ndinatenga tepi, n'kumata, n'kupenta pakati pake, n'kumatula. Mizere inatuluka yosalala, yofanana mbali zonse ngati mapasa. Ndinaima patali manja m'chiuno, n'kumadzifunsa kuti luso lonseli ndinkalibisa kuti zaka zonsezi.

Tsiku lodzatenga njinga ndinaiphimba nsalu kuti malume adzadzidzimuke. Anadzidzimukadi. Anayang'ana thanki, anayang'ana ine, anavula magalasi n'kuwapukuta, n'kuyang'ananso thanki.

"Iwe, mizere yanga ili kuti?"

"Ndaikonza malume. Inali yokhota."

Anakhala pansi pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro. Kenako anandifotokozera motsitsa mawu, ndipo malume akatsitsa mawu umalakalaka akanangokukalipira. Njinga zimenezi, iwo anati, zinkapangidwa ku fakitale ya ku Spandau mumzinda wa Berlin, kumene BMW inasamutsira ntchito ya njinga mu 1969, ndipo mizere ankailemba ndi manja, ambiri mwa olembawo ali amayi. Kufufuma kwa pokhota kuja ndi pamene dzanja la munthu linatembenuka ndi burashi. Wodziwa njinga zakale akafika amayamba kufufuza pamenepo, ndipo akaona mzere wa tepi, wakuthwa m'mbali, amadziwiratu kuti thanki inapentedwanso.

"Koma bola kunsi," anatero akuwerama. "Wolemba mizere ankasiyako malemba oyamba a dzina lake."

Anasuzumira nthawi yaitali. Ine ndinayamba kuchita chidwi chachikulu ndi denga.

Pofuna kusintha nkhani ndinati tiilize kaye, mwina kulira kwa injini kuwatsitsa mtima. Ndinatenga chigubu cha petulo manja akunjenjemera, ndipo petulo wina anaphonya pakamwa pa thanki n'kutsetserekera m'mbali. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti penti yakuda si imodzi. Ilipo yosakaniza ndi mankhwala oumitsa, imene amaitchula 2K, yomwe petulo saiopsa. Ndiye ilipo yanga ija ya m'chitini wamba, yomwe ikangonunkhiza petulo imafewa ngati phula pamoto. Mwamantha ndinapukuta ndi mkono wa malaya. Chakuda ndi choyera zinakwatirana pomwepo, n'kubereka mtundu wa phulusa kuyambira pa chivundikiro mpaka pogunda bondo. Mizere yanga yonyaditsa ija inasamukira pa malaya.

Malume sanalankhule. Anatulutsa tochi m'thumba n'kuunika m'kati mwa thanki. Dzimbiri linali momwemo, lofiira psuu, lathanzi, losakhudzidwa ndi munthu.

Anazimitsa tochi. Anayang'anayang'ana patebulo mpaka anapeza burashi ya gologolo ija, anaiviika mu penti yoyera, n'kundipatsa.

"Gwada," anatero. "Lemba kunsiko."

"Ndilembe chiyani malume?"

"Dzina lako. Lonse, ndi la bambo ako lomwe. Amayi a ku Berlin aja anthu asamawanamizire."